Kuyeza Dera Lokhalamo Anthu: Miyeso ya Akatswiri ndi Mzere wa pa Mjigo ku Harare

(Nyimbo yotsegulira, kenaka itsike pang'onopang'ono)

WOULUTSA: Takulandirani ku pulogalamu yathu yokamba za mizinda ndi malo amene timakhala. Lero tikupita ku Harare, likulu la Zimbabwe, koma osati ku Borrowdale kapena ku Mount Pleasant kokhala opeza bwino. Tikupita ku Mbare, Highfield, Mufakose, Mabvuku, Tafara, Glen View, Budiriro, Kuwadzana ndi Dzivarasekwa, madera a nyumba zothithikana kumene kumakhala anthu ochuluka a mumzindawo. Kwa ambiri a ife mayina amenewa si achilendo. Agogo athu ankapita ku Salisbury, dzina lakale la Harare, kukagwira ntchito m'mafakitale, panjanji ndi m'nyumba za azungu, ena osabwerako, aja tinkawatchula kuti matchona. Zidzukulu zawo zikadali komweko, ndipo ku Mufakose kapena ku Mabvuku gule wamkulu amatuluka mpaka lero. Choncho tikamakamba za madera amenewa, tikukamba za abale athu.

Funso lathu ndi ili: kodi dera timaliyeza bwanji kuti tidziwe ngati likusunga bwino anthu ake lero, popanda kuwononga madzi, nthaka ndi mpweya zimene ana awo adzafune mawa? Mayi aliyense amene anapitako kusikelo ndi mwana amadziwa phindu la muyeso. Mwana ungamuone ngati ali bwinobwino, koma akamamukweza pa sikelo mwezi ndi mwezi n'kumalemba m'kabuku, mzere uja ukayamba kutsika azaumoyo amadziwa kuti pali vuto matenda asanaonekere. Akatswiri okonza mizinda anafuna chinthu chotero cha madera okhalamo anthu, ndipo anachipanga.

Anayambira pa nyumba imodziimodzi. M'chaka cha 1990 bungwe la Building Research Establishment la ku Britain linatulutsa muyeso wotchedwa BREEAM, wofufuza mmene nyumba ikugwiritsira ntchito magetsi, madzi ndi zipangizo zomangira. Ku America bungwe la U.S. Green Building Council linabwera ndi wawo wotchedwa LEED, ku Japan kunabadwa CASBEE, ndipo ku Australia mu 2003 kunayamba Green Star, umene a ku South Africa anautenga n'kuusintha kuti ugwirizane ndi kwawo. Koma posakhalitsa anaona kuti nyumba yabwino payokha sikwanira. Chitsanzo chili mu Harare momwemo. Pakati pa mzinda pali nyumba ya Eastgate, yotsegulidwa mu 1996, imene katswiri wojambula mapulani a nyumba, Mick Pearce, anaikonza potengera mmene chulu cha chiswe chimaloŵetsera ndi kutulutsira mpweya, kuti izizizira yokha popanda makina odya magetsi ambiri. Anthu amachokera kutali kudzaiona. Komabe mlonda kapena mayi wosesa mmenemo akaŵeruka madzulo, amakwera kombi kubwerera ku Budiriro kumene pampopi sipanadonthe kanthu chiyambire sabata. Kodi mzinda umenewo tinene kuti uli bwino chifukwa cha Eastgate? N'chifukwa chake chakumapeto kwa zaka za m'ma 2000 anayamba kupanga miyeso ya dera lonse: BREEAM Communities, CASBEE ya madera a m'tauni, ndi LEED ya madera, imene amaifupikitsa kuti LEED-ND.

Tiyeni tiione LEED-ND mmene imagwirira ntchito. Pali mapointi 110. Dera likapeza 40 limalandira satifiketi, likapeza 50 ndi la siliva, 60 ndi la golide, ndipo kuyambira 80 ndi la platinamu. Mafunso ake ali m'magulu atatu akuluakulu: malo amene dera lamangidwapo ndi mmene likulumikizirana ndi mzinda wonse, kayalidwe ka misewu ndi nyumba, komanso kasamalidwe ka madzi, magetsi ndi zinyalala. Mapointi amapita kwa dera limene nyumba zake zili pafupipafupi m'malo momwazikana, kumene munthu angayende wapansi mamita 400 kapena 800 n'kupeza basi, sitolo, sukulu ndi chipatala, kumene nyumba zogona zasakanikirana ndi malo ogwirira ntchito, kumene kuli mitengo m'mbali mwa msewu ndi timinda ta ndiwo zamasamba. Palinso malamulo ena amene ukaphwanya limodzi lokha sulandira satifiketi ngakhale mapointi ako atachuluka bwanji. Koma dziŵani ichi, omvera: palibe amene amakakamizidwa kuyezetsa. Amene amapempha nthawi zambiri ndi kampani yomanga malo atsopano, imene imalemba ntchito akatswiri n'kulipira ndalama zambiri, chifukwa satifiketi imakweza mtengo wa nyumba zake.

(Nyimbo pang'ono)

WOULUTSA: Tsopano tinyamule mafunso amenewa tikaloŵe nawo mu Mbare, dera lakale kwambiri la anthu akuda mumzindawu, limene linakhazikitsidwa mu 1907 ndi dzina loti Harari. Kodi nyumba zili pafupipafupi? Kwadzaoneni. Kodi munthu angayende wapansi kukagula zofunika? Msika waukulu wa Mbare Musika uli pomwepo, ndi tomato, kabichi ndi mbatata zochokera kumidzi, ndipo wa kaunjika wa Mupedzanhamo suli patali. Nanga mayendedwe? Mabasi opita m'zigawo zonse za dziko amanyamukira pomwepo, ndipo anthu ambiri amangoyenda wapansi kukaloŵa m'tauni. Nanga ntchito ili pafupi ndi kunyumba? Pitani ku Siyaso, ku Magaba, mukamve phokoso la nyundo kuyambira m'mamaŵa. Chitseko cha galimoto yakufa chimasanduka wilibala, mgolo wakale umasanduka mbaula, zitsulo zotoledwa zimasanduka mafelemu a mazenera. Palibe chitsulo chotayidwa. Zimene akatswiri akunja amapereka mapointi kuti anthu ayambe kuchita, anthu a ku Mbare akhala akuchita kuyambira kalekale. Sindikunena kuti Mbare ingapambane mayeso onse, ayi, koma pa mafunso amenewa ikhoza kuposa Borrowdale, kumene ngakhale buledi amakagula pagalimoto.

Ndiye kwerani masitepe a mafulati a Matapi. Nyumba zimenezi, pamodzi ndi zinzake za Nenyere, Shawasha ndi Matererini, boma la atsamunda linazimangira amuna okhaokha obwera kudzagwira ntchito, chifukwa malamulo a nthawi imeneyo ankaona munthu wakuda ngati mlendo m'tauni, wodzabwerera kumudzi ntchito ikatha. Lero m'chipinda chimodzi mumagona banja lonse, nthawi zina mabanja awiri ogawana ndi nsalu kapena kabati pakati. Mbaula ili pafupi ndi bedi, ana akulemba homuweki pa maondo, zovala zayanikidwa pazenera losweka. Zimbudzi ndi zogwiritsa ntchito anthu onse a pamzere umenewo, ndipo paipi ikatsekeka zonyansa zimayenderera mpaka panja pamene ana akuseŵera. Papepala la muyeso uja, kuchuluka kwa anthu pamalo ochepa ndi chinthu chabwino. Kwa mayi wa ku Matapi, ndiko kusoŵa popumira. Bungwe la UN-Habitat limati anthu oposa atatu akamagona m'chipinda chimodzi, kumeneko ndi kuthithikana kosayenera. Miyeso yopangidwira mizinda ya ku America inalembedwa ndi anthu amene vuto lawo linali losiyana: mizinda yomwazikana, yodalira magalimoto. Mankhwala awo ndi a matenda awo.

Pa nkhani ya madzi ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa ndi pamene kusiyanaku kumapha anthu. LEED-ND imafunsa ngati dera lili pamalo ofikako mapaipi a madzi ndi a suweji. Imafunanso kuti nyumba zatsopano zichepetse madzi ogwiritsa ntchito m'kati ndi magawo 20 pa 100 alionse, poika mipopi ndi zimbudzi zosawononga madzi. Mafunso abwino ndithu, kwa mzinda umene ukatsegula mpopi madzi amatuluka. Koma Mabvuku ndi Tafara mapaipi alipo, mipopi ilipo, mabilu a khonsolo amabwera, pamene mbali zina za maderawa zatha zaka ndi zaka osaona dontho. Maderawa ali kum'maŵa, pamtunda, kutali ndi kumene madzi amapopedwa. Tambala asanalire, amayi ndi atsikana amakhala atandanda kale pa mjigo, umene kumeneko amati chibhorani. Ena amasiya ndowa kapena mwala usiku kuti usunge malo pamzere. Zigubu zamalita 20 zimakwezedwa pa wilibala, mwana wasukulu amafika m'kalasi mochedwa mikono ikuŵaŵa ndi kupopa, ndipo pamijigo ina pamakhala anyamata odziika okha kukhala eni ake, ofuna kandalama kuti udumphe mzere. Banja lotere limagwiritsa ntchito madzi ochepa kuposa nyumba iliyonse ya platinamu padziko lapansi. Kodi tiliombere m'manja kuti likusamala madzi?

Gwero la vutoli n'lodziŵika. Harare amamwa madzi a m'damu la Chivero, lomangidwa mu 1952 pa mtsinje wa Manyame, ndipo damulo lili kumunsi kwa mzinda. Zonse zotuluka mumzinda, kaya za m'mafakitale, kaya za m'suweji zimene malo oyeretsera a Firle ndi Crowborough alephera kuyeretsa bwino, zimatsika ndi mitsinje ya Mukuvisi ndi Marimba n'kukathira m'damu lomwelo. Kenaka madziwo amapopedwa, kuthiridwa mankhwala ambiri okwera mtengo pa Morton Jaffray, n'kubwezedwa kumtunda kuti anthu amwe. Mu September 2019 malo oyeretsera madziwa anaima kwa kanthawi chifukwa mankhwala anatha. Akuluakulu a khonsolo akhala akunena kuti mzindawu ndi matauni ozungulira amafuna malita pafupifupi 1,200 miliyoni patsiku, koma opopedwa nthawi zambiri safika ndi theka lomwe, ndipo ena ambiri amatayikira m'njira m'mapaipi okalamba.

Mpopi ukauma, anthu amakumba zitsime kuseri kwa nyumba. Suweji ikaphulika, zonyansa zimaloŵa pansi n'kukakumana ndi madzi a m'chitsimemo. Mu 2008 ndi 2009 kolera inagwira anthu oposa 98,000 m'Zimbabwe monse n'kupha oposa 4,000, ndipo Budiriro ndi Chitungwiza anali m'gulu la malo okanthidwa koopsa. Mu September 2018 inabukanso ku Glen View ndi Budiriro, ndipo mijigo ina imene anthu ankaidalira inapezeka kuti ili ndi tizilombo. Mu November 2023 mzinda unalengezanso kuti zinthu zafika poipa, ulendo uno Kuwadzana ali patsogolo. Katatu m'zaka 15, m'madera a mtundu umodzimodzi. Muyeso uliwonse umene ungayende mu Glen View osaona kuti kolera ili m'njira, ine ndikuti sunayeze kanthu.

Komatu ndisawalakwire akatswiri aja, pali pamene anaona bwino kwambiri, ndipo Harare akanapindula kuwamvera. Limodzi la malamulo osaphwanyika a LEED-ND likuti usamange padambo kapena m'mphepete mwenimweni mwa madzi, ndipo lina likuti upewe malo osefukira. Harare anamangidwa pamtunda pamene mitsinje imayambira, ndipo madambo ake ndiwo amamwa madzi a mvula, kuwasefa, n'kumawatulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe kupita ku Chivero. Dambo la Monavale ndi damu la Cleveland analoŵa m'kaundula wa madambo otetezedwa wa Ramsar mu 2013. Koma madambo ena ambiri adyedwa. Malo ogulitsira malonda a Longcheng Plaza anamangidwa padambo pafupi ndi bwalo lalikulu la zamaseŵera. Kumadera a anthu osauka, akathyali ogulitsa malo mwachinyengo amadula mapuloti m'dambo n'kugulitsa kwa munthu wotopa ndi lendi, ndipo mvula ikagwa madzi amaloŵa m'nyumba. Pamenepa muyeso wa kunja ukunena zoona zokhazokha.

(Nyimbo pang'ono)

WOULUTSA: Pali chinthu china chimene chimandidetsa nkhawa, ndicho funso loti muyesowo uli m'manja mwa yani. Anthu a ku Harare anaona kale zimene zimachitika olamulira akagamula kuti malo akutiakuti sakufika pa mlingo. Mu May 2005 boma linayamba ntchito imene linaitcha Operation Murambatsvina, kugwetsa timanyumba takuseri, misika ndi mashedi amene ankati n'ngosaloledwa. Mayi Anna Tibaijuka a ku Tanzania, amene panthawiyo ankatsogolera UN-Habitat, atatumidwa kukafufuza analemba kuti anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala, popezera ndalama, kapena zonse ziŵiri. Anthu ankauzidwa kuti abwerere kumudzi kwawo. Nanga mdzukulu wa tchona, wobadwira ku Mbare, amene agogo ake anachoka ku Dedza kapena ku Mangochi zaka 60 zapitazo, kumudzi kwake n'kuti? Ambiri anakatayidwa ku Hopley ndi ku Caledonia, kopanda mipopi ndi zimbudzi, ndipo kumeneko kwakula madera atsopano ovutika kuposa aja anagwetsedwa. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013 tsopano akuti munthu asachotsedwe m'nyumba yake popanda chigamulo cha khoti, ndiponso kuti aliyense ali ndi ufulu wa madzi aukhondo. Muyeso wa dera uyenera kuima pa mfundo ziŵirizi. Malikisi otsika akhale chifukwa chobweretsera paipi, osati chobweretsera chigalimoto chogumula nyumba.

Njira ina ilipo, ndipo inayesedwa mu Harare momwemo. Kuyambira mu 2010, khonsolo ya mzinda inagwirizana ndi bungwe la Dialogue on Shelter ndi gulu la anthu osoŵa pokhala la Zimbabwe Homeless People's Federation, ndi thandizo la ndalama lochokera ku Bill & Melinda Gates Foundation, kuti akonze madera osauka osawagwetsa. Ntchito yoyamba inali kuŵerenga, ndipo oŵerengawo anali eni dera, ambiri a iwo amayi a m'magulu osunga ndalama. Ankayenda khomo ndi khomo ndi pepala: muno mumagona anthu angati, madzi mumatunga kuti, chimbudzi mumagawana ndi mabanja angati, munabwera liti, malowa ndi a yani. Ankalemba manambala pazitseko n'kujambula mapu. Malo amene pamapu a khonsolo ankaoneka ngati tchire anapezeka kuti ndi midzi ya anthu. Ku Dzivarasekwa Extension mabanja anapatsidwa chilolezo chokhala pamalo awo n'kumamanga pang'onopang'ono, kuyamba ndi mijigo ndi zimbudzi zosafuna madzi za ecosan, zofanana ndi zimene magulu a amayi amamanga kwathu kuno mothandizana ndi bungwe la CCODE. Kumeneko sikunasanduke paradizo. Koma mayi amene waŵerenga yekha zimbudzi za m'dera lake akaima pamaso pa injiniya wa khonsolo, amalankhula ndi manambala amene injiniyayo alibe.

Ndiye muyeso woyenera Glen View kapena Mabvuku ungafunse chiyani? Ine ndikanayamba ndi maola: pa sabata, madzi atuluka pampopi maola angati? Kenaka mphindi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO ndi la UNICEF amati madzi aŵerengedwe kuti ali pafupi ngati kupita, kudikira pamzere ndi kubwerera sikupitirira mphindi 30, ndipo mawu oti kudikira pamzere ndiwo ofunika kwa ife. Ndikanafunsa kuti madzi a pamjigo anapimidwa liti komaliza, ndipo zotsatira zake zinaikidwa poti aliyense aŵerenge kapena zinatsekeredwa mu ofesi. Suweji ikaphulika, pamapita masiku angati asanabwere okonza? Galimoto ya zinyalala inadutsa liti? Magetsi akazima maola 18 patsiku, monga zinkachitikira mu 2019 madzi atachepa m'damu lopangira magetsi la Kariba, anthu amaphikira chiyani, ndipo nkhunizo zikudulidwa kuti? Ndikanafunsanso za moto, chifukwa msika wa Mbare Musika unapsa mu October 2024, ndipo malo a akalipentala a ku Glen View Area 8 apsa kambirimbiri. Kodi galimoto yozimitsa moto ili ndi poloŵera, ndipo ikafika ipeza madzi? Ndalama ya kombi imadya gawo lanji la zimene munthu wapeza patsiku? Ndipo pa zonsezi aŵerengedwe ndi a lendi omwe, aja kumeneko amati maroja, okhala m'zipinda zakuseri, chifukwa puloti imene pamapu ili ndi banja limodzi nthawi zambiri imasunga mabanja angapo, onse akudalira paipi ya suweji yoikidwira banja limodzi. Zimenezi zikayankhidwa, pamenepo tibwere ndi mafunso a mitengo ya m'misewu, njira za njinga ndi magetsi a dzuŵa, amene nawonso ndi ofunika. Koma ndikanatengera kwa anzathu a LEED nzeru ija ya malamulo osaphwanyika: dera limene anthu ake akumwa madzi osakanikirana ndi suweji lisalandire nyenyezi ngakhale imodzi, kaya misewu yake ikongole bwanji.

Inu amene mukutimvera ku Ndirande, Mbayani, Mtandire, Chinsapo, Kauma, kapena ku Kanyama ndi Chawama mu Lusaka, mafunso amenewa mungawayankhe nokha popanda kudikira katswiri. Tengani kope la sukulu. Kwa sabata ziŵiri lembani ola limene madzi abwera ndi limene asiya, mphindi zimene mwakhala pamzere pa kiyosiki kapena pamjigo, ndi ndalama zimene mwalipira pa chigubu chilichonse. Pemphani makomo khumi oyandikana nanu achite chimodzimodzi, muphatikize zimene mwapeza, ndipo mupite nazo kwa amfumu a m'dera, ku komiti ya chitukuko ndi kwa khansala wanu, mutasunga kope lina kunyumba.

Nthawi yatithera. Sabata yamaŵa tidzakhalabe ku Harare, koma tidzapita kumtaya wa zinyalala wa Pomona, kukaona kumene zinyalala za mzinda zimathera ndi anthu amene ankapeza chakudya potola mapulasitiki ndi zitsulo kumeneko.

(Nyimbo yotsekera)